Funso Lofunsidwa Mokweza

Brisbane, Australia
9 Febuluwale 2023

Wokondedwa mng'ono wanga Siniva,

Ndikukhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi. Kodi mawondo awo aja asiya kuvuta? Mankhwala opaka ndatumiza limodzi ndi kalatayi, uziwakumbutsa chifukwa paokha angowaika pamtanda wa denga n'kuiwala. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukutentha ngati m'ng'anjo.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa foni ya kwathuko imayankhidwa ndi anthu atatu, wachinayi n'kumamvera ali pamkeka.

Ukudziwa kuti bungwe limene ndimagwirako ntchito lapemphedwa kukonza mafunso a kafukufuku wa zaumoyo amene boma la kwathu lidzachite chaka chamawa. Fomu yakale ili ndi timabokosi tiwiri tokha, mwamuna ndi mkazi. Tangoganiza za msuweni wathu Lomi. Mudzi wonse ukudziwa kuti Lomi ndi fa'afafine, anabadwa mwamuna koma wakula ngati mkazi, ndipo ndiye amatsogolera kwaya ndi kulera ana a aliyense. Koma pa fomu amangomuchonga kuti mwamuna, basi. Nanga anthu onga iwe? Inu ndiye simutchulidwa n'komwe. Munthu wosawerengedwa, ngakhale chipatala sichimukonzekera.

Takonza mafunso awiri atsopano. Loyamba, munthu anene yekha ngati ali mwamuna, mkazi, fa'afafine kapena fa'atama, amene anabadwa mkazi koma wakula ngati mwamuna. Lachiwiri likufunsa kuti mtima wake umakopeka ndi ndani. Tisanawapereke ku boma tiyenera kuwayesa m'midzi itatu ya pachilumba chathu cha Savai'i, ndipo ndalimbana mpaka mudzi wathu walowa nawo.

Zimene unandiuza pa Khirisimasi tikutsuka mbale, za iwe ndi Talaleu mphunzitsi wamkazi uja, sindinauze munthu ndipo sindidzauza. Koma ndikukupempha, ofunsa akabwera mu Epulo udzayankhe zoona. Adzakupatsa tabuleti, kachipangizo kangati foni yaikulu, ndi zomvera m'makutu. Funso udzalimva wekha, udzadina wekha, ndipo dzina lako silidzalembedwa paliponse. Ndikufuna munthu mmodzi yekha m'mudzimo amene sadzanama, kuti tidziwe ngati funsolo likugwira ntchito.

Undiyankhe msanga, ndipo undiuze zonse za kumudzi.

Ndine mkulu wako,
Fetuao

Savai'i
3 Malichi 2023

Achemwali anga okondedwa,

Kalata yanu ndinakaitenga ndekha kupositi kutauni ya Salelologa tsiku limene ndinapita kukagulitsa mikeka. Tonse tili bwino. Amayi akuti mankhwala aja akununkha ngati mafuta a boti koma akugwira ntchito, moti dzulo anapita okha kumunda wa koko.

Kalatayo ndinaiwerenga m'basi, kenako ndinaibisa m'kamisolo ngati ya chibwenzi. Inu achemwali mwakhalitsa m'nyumba za makoma. Mwaiwala kuti yathu ndi denga ndi mizati basi? Kuno munthu ukayetsemula, azakhali a Peka amayankha ali kwawo kutsidya kwa msewu.

Ndinamuonetsa Talaleu ataweruka kusukulu. Anaiwerenga kawiri, kenako akuti, "Iwe, boma likufuna kudziwa za ife kuti litani nazo? Litimangira nyumba?" Ndinati ndi za chipatala. Akuti, "Ine kuchipatala ndimapita ndi chifuwa, sindipita ndi mtima." Iye wakanitsitsa. Akuti ntchito yake ili m'manja mwa komiti ya sukulu, ndipo wapampando wa komitiyo ndi abusa. Wandiuzanso kuti inenso ndisayerekeze.

Koma ine ndaganiza. Chaka chatha nditapita kukayezetsa za ululu wa m'mimba uja, namwino anandifunsa kuti mwamuna wanga ali kuti. Nditati ndilibe, anaseka, akuti, "Ndiye ukufuna tikuyeze chiyani, mwana wa Mariya?" Ndinabwerera kunyumba ndi ululu wanga womwewo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikuyankha anthu ndi bodza. Mwina n'kwabwino kunena zoona kamodzi, ngakhale kwa makina.

Lomi ndiye wasangalala ngati wapambana mpikisano. Akuti tsiku limenelo adzaika duwa lalikulu kukhutu, "boma lindione bwinobwino, lachedwa kale." Wauzanso anzake onse kuti asapite kumunda.

Ine ndavomera chifukwa mwapempha ndinu. Akanakhala wina ndikanamuthamangitsa ndi tsache. Talaleu sindimuuza kuti ndavomera, adzadziwira kuti?

Mutilembere za kumeneko. Amayi akufunsa ngati mukupitabe kutchalitchi, ndawauza kuti eya, ndiye musandichititse manyazi.

Ndine mng'ono wanu,
Siniva

Savai'i
25 Epulo 2023

Achemwali,

Moni. Amayi ali bwino m'thupi. Ine sindikudziwa ndinene kuti ndili bwanji.

Anthu anu anabwera Lachiwiri lapitali. Anali atatu ndipo anagawana nyumba. Kwa Lomi kunapita bambo wina ndi tabuleti ija, ndinaiona ndi maso anga. Kwathu kunabwera mayi wina wa kuchilumba cha Upolu, dzina lake Matalena, atanyamula mapepala ndi cholembera. Ndinamufunsa, "Makina aja ali kuti?"

Akuti, "Nyumba ino ndi ya mapepala, mayi. Ndizifunsa ine, inu muziyankha."

"Kodi ndi kafukufuku yemwe uja wa a Fetuao?"

"Yemweyo. Mumawadziwa?"

Ndinati ndi achemwali anga. Mtima unakhala pansi. Ndinadziuza kuti ngati ndi za achemwali, ndiye kuti anaziganizira kale zonse.

Ndinamutengera kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango. Mafunso a shuga, a fodya, a kuthamanga kwa magazi, tinadutsa bwinobwino. Kenako anafika pa lija. Analiwerenga ngati akulengeza nyimbo m'tchalitchi, "Kodi mtima wanu umakopeka ndi amuna, akazi, kapena onse?" Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinayankha chapansipansi kuti akazi. Nkhumba zinali zikulira m'khola, sanamve. Akuti, "Mwati bwanji?" Ndinabwereza. Anaimika cholembera, n'kunena mokweza, "Akazi? Mukutanthauza akazi anzanu?" Sanachite mwankhanza achemwali, anangodabwa. Kenako funso lotsatira, ngati panopa ndili ndi bwenzi. Ndinati eya.

Sindinadziwe kuti azakhali a Peka ali m'khitchinimo, anabwera kudzabwereka chokokotera kokonati. Ndinangomva mbale ikugwa.

Dzina la Talaleu sindinalitchule, koma mudzi umadziwa amene ndimayenda naye. Pofika Lachinayi ana anali atayamba kale kutiimba pamsewu. Lamlungu amayi abusa anandiimitsa pakhomo pa tchalitchi, akumwetulira, akuti ana a Sande sukulu apeza wina wowaphunzitsa, ine ndipume kaye. Dzulo komiti inaitana Talaleu. Sanandilankhule kuyambira Lachitatu. Ndikadutsa pasukulu amatseka mazenera a kalasi yake.

Amayi sanandikalipire. Amangoluka mkeka osatukula mutu. Ndikanakonda akanandimenya.

Musadziimbe mlandu. Ndikudziwa kuti pali amene wakuchitani chipongwe ku ofesi kwanuko, wasintha zimene munakonza. Mufufuze kuti ndi ndani, zisachitikirenso wina m'midzi ina iwiri ija. Ndipo chonde ndilembereni msanga. Ndatsala ndi inu nokha.

Mng'ono wanu,
Siniva

Savai'i
17 Meyi 2023

Fetuao mwana wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Mawondo ali bwino. Zina zonse sizili bwino.

Foni yako ikungolira yokha. Mng'ono wako wapita katatu ku Salelologa kukaona kupositi, katatu konse wabwera chimanjamanja. Kodi ku Australia mapepala anatha?

Sindikudziwa kuti ndi ntchito yanji imene umagwira, yotuma anthu kudzafunsa mwana wamkazi za kumtima masana dzuwa lili pamutu. Ine ndinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire zothandiza anthu. Malemu bambo ako anatumikira tchalitchi chino mpaka tsiku lawo lomaliza, koma lero ndikalowa m'nyumba ya komiti ya amayi, anzanga amasuntha mikeka yawo. Peka akuti akundipempherera. Akundipemphereradi, nyumba ndi nyumba.

Za Siniva sindinena zambiri. Ndinamubereka ndine, ndipo maso ndili nawo. Zimene mayi amaziona n'kukhala chete, si za munthu wa cholembera kudzazitulutsa pabwalo. Mphunzitsi uja amuimitsa ntchito, ndipo abale ake akuti amutumiza kunja kwa dziko, kwa alongo ake ku Auckland. Mng'ono wako sakudya. Amapita kumunda m'mawa, amabwera madzulo, chikwanje chili choyera.

Iye akuti iwe sunalakwe, akuti anakupusitsa anzako a kuntchito. Amakuikira kumbuyo ngakhale kwa ine. Ngati ndi choncho, lemba unene. Ngati si choncho, lembanso unene. Kukhala chete kumeneku sindinakuphunzitse ine.

Ndine mayi ako

Savai'i
8 Juni 2023

A Fetuao,

Za moyo wanu sindifunsa. Mukanadwala uthenga ukanafika.

Dzulo kunabwera Matalena, mayi wa mafunso uja. Anamva kwa mnzake zimene zinachitika kuno, ndiye anakwera sitima ya pamadzi tsiku lake lopuma kudzapepesa. Anakhala pamkeka pamaso pa amayi, misozi ili chuchuchu. Akuti, "Anatiphunzitsa tsiku limodzi lokha. Palibe anatiuza kuti pa funso limenelo titsitse mawu, kapena tiyambe taona amene ali pafupi. Ine ndinangowerenga monga linalembedwera." Ndinamuuza kuti ndamukhululukira, ndipo ndinanena zoona. Amayi anamukonzera chakudya.

Ndikumuperekeza pabasi ndinamufunsa kuti zinatheka bwanji kwa Lomi kupite makina, kwathu mapepala. Anatsegula chikwama n'kutulutsa ndandanda. Mbali imodzi kunali nyumba za tabuleti, mbali inayo nyumba zofunsidwa pakamwa, zonse zotayipidwa bwino. Nyumba yathu inali ku tabuleti. Wina anaikhwatcha ndi cholembera cha buluu n'kuilemba pamanja mbali inayo.

Ndinati, "Anasintha ndi ndani?"

Akuti, "Inabwera choncho kuchokera ku Brisbane."

Kulemba munandiphunzitsa ndinu, pa sileti yanu yakale ija. Pandandandapo dzina la malemu bambo, Falaniko, linalembedwa ndi F wanu wa mchira. Ndinaima pamsewupo mpaka basi inabwera, inanyamula Matalena, inapita, ine ndili chiimire.

Nditabwerera amayi anandifunsa kuti ndaona chiyani, poti nkhope inali itasintha. Ndinati palibe. Ndinakubisirani, ndipo sindikudziwa chifukwa chake.

Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikutemberera munthu wopanda nkhope wa ku ofesi kwanu. Ndinkakumverani chisoni, ndinkati achemwali akusowa poyambira kulemba chifukwa cha manyazi a zochita anzawo. Ndinauza ngakhale Lomi kuti asakunyozeni.

Ndili ndi funso limodzi, ndipo sindikupatsani timabokosi tosankha. Chifukwa chiyani?

Siniva

Brisbane
29 Juni 2023

Siniva mng'ono wanga,

Makalata ako awiri ndi ya amayi ndinalandira. Ino ndayamba kuilemba kasanu.

Ndi dzanja langa. Ndinasintha ndine.

Mu Malichi akuluakulu anati matabuleti ndi odula, anthu azingofunsidwa pakamwa monga kale. Ndinalimbana nawo. Ndinati m'nyumba zopanda makoma palibe amene adzanene zoona pakamwa. Bwana wanga, mayi wa kuno amene sanagonepo m'nyumba ngati yathu, anati, "Amenewo ndi maganizo ako, ndipatse umboni." Tinagwirizana kuyesa njira zonse ziwiri. Pamenepo ndinati, "Pali munthu mmodzi m'mudzimo amene yankho lake lenileni ndikulidziwa. Afunsidwe pakamwa, muone ngati adzanena." Dzina sindinatchule.

Siniva, ndinali wotsimikiza kuti udzanama. Ndakuona ukunama moyo wako wonse, kwa amayi, kwa abusa, kwa anyamata amene ankabwera kudzakufunsira. Ndinati ukangoona mapepala udzadziwa wekha chochita, udzati amuna, nkhani n'kuthera pomwepo, iwe osapwetekeka, ine n'kupeza umboni wanga. Kukuchenjeza sindikanatha, chifukwa bodza lopangana si umboni. Ndinafuna kulemba kuti ndinaiwala zoti ndinali nditakupempha kale kuti unene zoona. Sindinaiwale. Ndinangoganiza kuti sungandimvere mpaka pamenepo.

Pali china, ndipo ndi bwino uchimve kwa ine. Mayankho atafika, bwana anati, "Waona? Munthu wako wayankha. Pakamwa zikutheka." Njira ya pakamwa inatsala pang'ono kupambana chifukwa cha kulimba mtima kwako. Ndiye pamsonkhano wa pa 12 Meyi ndinaimirira n'kuwerenga kalata yako ya mu Epulo, nditachotsa maina onse. Mayi wina wochokera ku boma analira. Anapempha makope. Tsiku lomwelo anagamula kuti mafunso awiriwa aliyense adzayankha yekha pa tabuleti, mutu wa banja sadzayankhira wina aliyense, amene sakufuna kuyankha adzakhala ndi podina pake, ndipo ofunsa adzaphunzitsidwa sabata yathunthu. Zimene ndinalephera kwa chaka chonse, kalata yako inazichita m'mphindi zisanu. Anthu zikwi zambiri atetezedwa chifukwa cha iwe.

Sindikunena izi kuti undikhululukire. Sindigona, ndipo foni ya amayi ikalira ndimangoiyang'ana. Bwera kuno. Mapepala ndikukonzera, chipinda chilipo, ntchito ndikupezera. Kuno palibe amene angakusunthire mkeka. Auckland si patali ndi ndege, tingathe kumufufuza Talaleu.

Ndiyankhe, ngakhale ndi matemberero.

Ndine mkulu wako,
Fetuao

Salelologa
14 Ogasiti 2023

A Fetuao,

Ndachoka kumudzi. Ndikusoka mayunifolomu kwa telala wina pafupi ndi msika kuno ku Salelologa, ndipo ndimagona m'kachipinda kuseri kwa sitolo. Ndili bwino, ndikudya.

Talaleu ananyamuka pa 1 Julayi. Ndinakamudikira padoko. Anali pakati pa alongo ake awiri amene anabwera kudzamutenga, mmodzi uku wina uku ngati mkaidi. Atandiona anaima, alongo akewo anaimanso. Ndinaganiza kuti alira kapena anditukwana. Anangoti, "Ndinakuuza," n'kukwera sitima. Zaka zisanu ndi chimodzi zinathera pa liwu limodzi limenelo. Musamufufuze. Iye anakana kuyambira pachiyambi, ndipo walipira kuposa tonse.

Kalata yanu ndinawawerengera amayi yonse. Ndatopa kukubisirani. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Bwereza paja akuti wakuona ukunama moyo wako wonse." Ndinabwereza. Akuti, "Iye anaona, ine ndinaona, ndipo tonse tinangokusiya uzinama chifukwa zinkatikomera." Tsiku lochoka ananyamula okha chikwama changa mpaka pabasi, kudutsa pakhomo pa azakhali a Peka, masana anthu akuona. Azakhali atafunsa kuti mwana akupita kuti, amayi anati, "Ufunse m'pemphero, adzakuuza." Loweruka lililonse amanditumizira koko ndi nsomba ndi basi ya m'mawa.

Zoti mafunso akonzedwa ndakondwa, sindikunama. Lomi akuti chaka chamawa adzakhala woyamba pamzere. Mtsikana wina m'mudzi wina adzayankha yekha, palibe mbale imene idzagwe, ndipo mwina namwino wina adzasiya kuseka anthu. Ntchito yanu ndi yabwino. Zimenezo sinditsutsa.

Koma ndayang'ana masiku. Pa 12 Meyi linali Lachisanu. Tsiku limenelo ine ndinali pamzere kupositi kuno, ulendo wachitatu, mayi wa pazenera akundipukusira mutu ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Inu munali mutaimirira pamaso pa alendo, kalata yanga ili m'manja. Ndiuzeni, paja ndinalemba kuti ndatsala ndi inu nokha, munawawerengeranso? Kapena munachotsa pamodzi ndi maina?

Koyamba mukuti munaganiza kuti ndidzanama. Chabwino. Nanga kachiwiri munaganiza chiyani? Mukanandipempha, mwina ndikanavomera. Ndine yemwe uja, simunandipemphepo chinthu ine n'kukana. Koma simunandifunse, inu amene ntchito yanu ndi kufunsa anthu.

Ku Brisbane sindibwera. Chipinda chanu mupatse wina. Pa Khirisimasi mubwere mudzaone amayi, akukusowani ngakhale sanena. Mukatsika sitima mudzaona sitolo ya chitseko chobiriwira kudzanja lamanja. Mudzangodutsa, basi ya kumudzi imaima patsogolo pang'ono.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Munditumizire makalata anga onse anayi, ino yomwe, pamodzi ndi makope amene munagawa. Ndinkalembera achemwali anga, ndiye anafika kwa munthu wolakwika.

Siniva